Mitsempha yotupa ya m'miyendo: tisadikire chilonda

Mukadutsa mumsika waukulu wa Mzuzu dzuwa likupendeka, yang'anani miyendo ya amayi ogulitsa usipa ndi tomato amene aimirira chiyambire m'mawa. Ena mwa iwo ali ndi mitsempha yotupa, yopindikapindika ngati chingwe, yochokera kuseri kwa bondo kutsikira ku katumba. Akakolo atupa, patapata wasiya mzere pakhungu. Ambiri amati ndi kutopa chabe. Ine ndikuti tikuchedwa nawo matendawa, chifukwa munthu amapita kuchipatala chilonda chitaphulika kale, pomwe nthawi yothandizika mosavuta inali zaka zingapo m'mbuyomo.

Amene anapopapo madzi pamjigo amadziwa kuti valavu ya pansi ikatha, madzi amabwerera m'chitsime ndipo umapopa mpaka thukuta. Mwendo nawonso ndi chimodzimodzi. Magazi ochokera kuphazi amakwera chitunda kubwerera kumtima, ndipo chowakankha ndi minofu ya katumba imene imafinya mitsempha munthu akamayenda. M'kati mwa mitsemphayo muli timavalavu totsekera magazi kuti asabwerere. Tikafooka, magazi amadikha m'munsi, mtsempha n'kufutukuka. Mwendo umalemera, umawawa madzulo, umayabwa, ndipo usiku minofu imakokana. Pakapita zaka khungu la pamwamba pa kakolo limada ndi kuuma gwa, kenaka kungodzikanda pang'ono pamabadwa chilonda chosamva mankhwala, chotha miyezi chikuchucha. Vutoli limayenda m'magazi a kubanja, ndipo ukalamba, kunenepa, pathupi ndi kuimirira nthawi yaitali zimalikulitsa.

Ena amati awa ndi matenda a azungu. Mawuwa ali ndi pochokera: mu 1972 dokotala Denis Burkitt, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Uganda, analemba kuti mitsempha yotupa inali yosowa pakati pa anthu a m'midzi ya mu Africa. Koma iye ankanena za anthu olima ndi oyenda mitunda tsiku ndi tsiku. Mlonda woima pageti ku Luwinga usiku wonse, mphunzitsi wa ku Katoto, namwino, wometa tsitsi ku Chibavi, onsewa miyendo yawo imaima malo amodzi, katumba osapopa. Enanso amati ndi za amayi okha, pomwe kafukufuku wa mumzinda wa Edinburgh wofalitsidwa mu 1999 anapeza vutoli mwa amuna 40 pa 100 alionse ndi akazi 32 pa 100. Abambo timangolibisa m'thalauza. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chikhulupiriro chakuti wotupa mwendo waponda mankhwala, choncho akatemere mphini. Mtsempha wotupa uli ndi magazi ambiri ndipo khungu la pamwamba pake ndi lopyapyala. Lezala likaukhudza magazi amathovoka moopsa. Zikachitika, munthuyo agone chagada, mwendo aukweze pamwamba, pabalapo apanikize ndi nsalu yoyera, kenaka athamangire naye kuchipatala.

Funso lovuta ndi la ndalama: kodi wogulitsa masamba angaukwanitse bwanji mtengo wa chithandizo? Zoona, njira zatsopano zimafuna zipangizo zodula. Madokotala amayamba ajambula mwendo ndi sikani kuti aone valavu imene ikubweza magazi, kenaka mtsempha wowonongekawo amautseka ndi kutentha kwa laser, kapena kuubaya mankhwala ouumitsa, kapena kuuchotsa pa opaleshoni. Magazi sasowa njira, amadzera m'mitsempha ya m'kati. Ku Britain, kafukufuku wa mu 2018 pa odwala 450 anasonyeza kuti otsekedwa mtsempha msanga zilonda zawo zinkapola pa masiku 56, pomwe odikira zinkawatengera masiku 82. Komabe zochepetsa ululu ndi kutupa sizilira khobidi. Woimirira tsiku lonse azinyanyamphira ndi zala za kuphazi kangapo pa ola ndi kuyendako pang'ono. Madzulo agone, miyendo aisanjike pamapilo kuti ikwere kuposa mtima. Masokosi apadera othina amathandiza akavalidwa m'mawa mwendo usanatupe, koma achipatala ayambe aona ngati magazi akufika bwino kuphazi, makamaka kwa wodwala shuga kapena wosuta fodya, poti kumanga mwendo wotere kungauwononge. Izi sizibwezeretsa valavu yakufa, koma zimapeputsa mwendo ndi kuteteza khungu. Kwa mayi woyembekezera, mitsempha yambiri imaphwa yokha pakatha miyezi yochepa atachira.

Pali zizindikiro zosafunika kuzigonera. Khungu la pakakolo likayamba kuda, mtsempha ukauma n'kumapweteka ndi kutentha, kapena chilonda chikatha masabata awiri osapola, pitani ku chipatala chaching'ono chapafupi monga cha Mapale, kumene angakutumizeni ku Mzuzu Central Hospital, chipatala chachikulu cha chigawo cha kumpoto. Ndipo amene watsika basi ya ku Johannesburg atakhala pampando usana ndi usiku, n'kuona mwendo umodzi watupa mwadzidzidzi ndi kuwawa, asausisite ndi mafuta. Mwina magazi aundana mumtsempha wa m'kati, ndipo chibuma chake chikhoza kuthothoka n'kukatseka mapapo. Ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo.