Werengani milu musanatchule mtengo

Aliyense amene anagonapo pa Mwanza amadziwa kutalika kwa usiku wa pa chipata. Mathiraki amandandana mu msewu, madalaivala akudikira mapepala kuti awolokere ku Zobue ndi ku Tete, ife a geni tikudikira kuti kuche tikapikule manachesi kumidzi. Ndi pa usiku wotere, m'nyengo yozizira, pamene ndinachita manyazi pa masewero a makadi otchedwa bridge.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kupukusa mitu kuti uyu watibweretsera za njuga. Ayi ndithu, pa tebulo lathu panalibe ngakhale tambala. Amene anatiphunzitsa ndi madala ena omwe pa unyamata wawo ankaperekera tiyi kwa azungu a m'maesiteti ku Thyolo, n'kumaba masewerowo ndi maso. Usiku umenewo iwo anali mnzanga wa mbali imodzi, ndipo tinkalimbana ndi madalaivala awiri.

Masewerowa amayenda chonchi. Anthu anayi, awiriawiri, amagawana makadi 52, aliyense 13. Aliyense akaponya khadi limodzi, wa khadi lamphamvu amadya mulu wa makadi anayiwo, choncho milu yonse ndi 13. Koma musanaponye pamakhala okushoni, ngati ya fodya ku Limbe kapena ku Kanengo. Mumapikisana kulonjeza milu imene inu ndi mnzanu mudye, ndi kutchula mtundu wa makadi umene ulamulire inzake. Mukalonjeza n'kulephera, mapointi amapita kwa adani.

Tsono nkhani yagona apa. Mitundu inayi ija siilipira mofanana. Malinga ndi kawerengedwe kamene Harold Vanderbilt wa ku America anakonza mu 1925, milu isanu ndi umodzi yoyamba siwerengedwa. Kuyambira wachisanu ndi chiwiri, mulu wa mitima kapena wa masipedi, yomwe ndi mitundu yaikulu, umalipira mapointi 30. Wa madayamondi kapena wa makalabu, amene ena amati maluwa, umalipira 20 basi. Kuti mutseke gemu ndi kulandira bonasi pamafunika mapointi 100. Ndiye werengani nokha: pa mitima mukufunika milu 10, pa madayamondi milu 11. Mukasewera popanda mtundu wolamulira, milu 9 yokha ikwanira, poti woyamba umalipira 40, enawo 30.

Mulu umodzi wosiyanitsawo mungaupeputse. Inenso ndinkaupeputsa.

Nditatambasula makadi anga mtima unadumpha. Madayamondi asanu ndi limodzi, pamwamba pake Ace, King ndi Queen! Pambali panali timitima tinayi tosaoneka bwino, ndipo sindinatiyang'ane kawiri. Ndinatchula madayamondi. Madala aja anayankha mitima. Ine osamva, ndinabwereza madayamondi, n'kukwera nawo mpaka kulonjeza milu 11. Madalaivala anadya milu iwiri ya masipedi ndi umodzi wa makalabu, ife n'kutsala ndi 10. Tinagwa ndi mulu umodzi.

Madalawo sanakalipe. Anangoyala makadi awo ndi anga pa tebulo.

"Mwana wanga, mitima unali nayo ingati?"

"Inayi, bambo."

"Inenso inayi. Pamodzi isanu ndi itatu. Milu 10 imene tadyayi, pa mitima ikanatitsekera gemu. Ndinakuuza, koma iwe umamvera makadi ako okha."

Chinandiwawa n'chakuti madayamondi anga okongola aja akanagwirabe ntchito ngakhale mitima ikanalamulira. Tikanayamba tatha mitima ya adani, kenaka n'kumadya ndi madayamondi mwamtendere. Sindikanataya kanthu, kupatula kunyada.

N'chifukwa chake akatswiri a masewerowa amati mukapeza kuti inu ndi mnzanu muli ndi makadi asanu ndi atatu a mtundu waukulu, musayang'anenso kwina. Ngakhale mphamvu yofunika imasiyana. Powerenga Ace ngati 4, King 3, Queen 2 ndi Jack 1, anthu awiri amafunika mapointi pafupifupi 25 kapena 26 kuti adye milu 10, koma 28 kapena 29 kuti adye 11. Sikuti mitundu yaing'ono njachabe. Ngati simukugwirizana pa mitima kapena masipedi, ndipo pali mtundu wina umene nonse muli pamtetete moti adani angakukokoloreni mukasewera popanda wolamulira, pamenepo madayamondi kapena makalabu ndiwo pothawira. Komanso manja akakhala olemera zedi moti milu 12 njotheka, bonasi yake njofanana pa mtundu uliwonse. Koma kumeneko munthu amapitako atawerenga, osati chifukwa maso akomedwa. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Bwanji ndikukutayitsani nthawi ndi makadi, inu amalonda a mu Limbe ndi mu Ndirande? Chifukwa zimene ndinachita pa tebulo lija ndinali nditazichita kale ndi mpamba weniweni. Chaka china ine ndi mnzanga tinasonkha ndalama. Iye anati tipikule manachesi ochepa amene tingagulitse masiku awiri, ndalama zotsala tigule nyemba zimene siziola. Ine nditaona mitengo ili psuu ndi zipatso, mtengo wake wotsika, ndinakakamira kudzaza galimoto. Sindinawerenge kuti phindu pa mulu uliwonse linali lochepa, moti kuti tibweze za mayendedwe ndi za msika tinayenera kugulitsa pafupifupi katundu yense. Titafika mu Blantyre tinapeza kuti aliyense wabwera ndi manachesi a ku Mwanza omwewo. Pofika tsiku lachinayi madengu a pansi anali atayamba kununkha. Mpamba unatha, ubale nawo unatsala pang'ono kutha.

Geni ya phindu lochepa pa mulu ili ngati madayamondi: imafuna kuti chilichonse chiyende bwino, ndipo mulu umodzi ukalakwika mwagwa. Funso loyenera si lakuti katunduyu ngokongola bwanji, koma lakuti ndiyenera kugulitsa milu ingati ndisanayambe kudya phindu, nanga mnzanga akuona chiyani chimene ine sindikuona.

Inunso ophunzira amene mumati masamu alibe ntchito, kasiyanitseni 30 ndi 20 pa tebulo la makadi, muone ngati simubwerako mukuwalemekeza.

Madala aja anandiuza mawu ena tikulongedza makadi, tambala woyamba akulira. Ati m'manja mwako muli makadi 13 okha, ena 13 ali kwa mnzako, ndipo njira yowaonera ndi makutu. Safunsa anadya phula, abale. Ine ndinalidya kawiri pa Mwanza pomwepo.