KALABALA KAMENE KAMASUNGA MOYO WA MJIGO

KATETE — Mwezi wa Okutobala ukafika, mitsinje itaphwa ndipo zitsime za m'madambo zitasanduka matope, anthu a m'midzi ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi amadalira mjigo basi. Komatu ndi nthawi yomweyi pamene mijigo yambiri imafooka. Amai amapopa mpaka kutuluka thukuta, koma madzi amangobwera pang'ono-pang'ono. Kawiri-kawiri cimene calakwika si cacikulu ai. Ndi kalabala kozungulira, kocepa ngati cibangiri ca mwana, kamene kali pansi pa nthaka m'kati mwa silinda ya mjigo.

Nchito ya kalabala aka ndi kutseka mpata kuti madzi asabwerere pansi pamene akukwezedwa. Nthawi iliyonse munthu akatsitsa mkono wa mjigo, iko kamakwera kakukhuzana ndi khoma la silinda. Njinga, cigayo ndi thirakitala zimathiridwa oilo kapena girisi kuti zitsulo zisadyane, koma m'silinda simungalowe oilo pakuti madzi ake ndi akumwa. Motero madzi omwewo ndiwo amakhala mafuta a kalabalako, ndiwonso amakaziziritsa.

Mijigo yodziwika m'Cigawo ca Kum'mawa ndi ya mitundu iwiri. India Mark II inapangidwa ku India m'zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi bungwe la UNICEF. Poyamba inali kutseka madzi ndi cikumba, koma pambuyo pake m'malo mwa cikumba munalowa labala lochedwa nitrile. Unyolo wake umafuna girisi, ndipo kuti munthu afike pa silinda ayenera kuzula mapaipi onse.

Mtundu waciwiri ndi Afridev, umene unayambira ku Malawi kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980 ndi kukonzedwanso bwino ku Kenya. Pamene mkono wake umayendera pali mabushi a pulasitiki a mitundu iwiri, nylon ndi polyacetal, amene amaterereka okha popanda girisi. Akatswiri anacita izi mwadala, kuti cimene cikutha cikhale kacipangizo kochipa, citsulo ca mtengo wapatali cipulumuke. Kalabala kake kamatulutsidwa pokoka ndodo zacitsulo zokha, mapaipi ali m'malo mwake.

Mdani woyamba wa zipangizo izi ndi mcenga. Ukalowa m'silinda pamodzi ndi madzi, umapala labala monga tupa apalira khasu. Mdani waciwiri ndi kuuma. Madzi a pansi akatsika kupitirira silinda, kalabala kamakhuzana ndi khoma louma, kamatentha ndipo kamatha msanga. Ngozi iyi imakula m'zaka za cilala monga 2024, caka cimene Boma linalengeza mu Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka la cilala. Cotero madzi akaleka kutuluka, nzeru ndi kupumitsa mjigo kuti madzi abwerere, osati kupopa mwaukali.

Palinso adani ocokera kwa anthu eni ake. Ana amene amamenyetsa mkono wa mjigo m'mwamba ndi pansi amaphwanya mabushi. Ena, pofuna kuthandiza, amathira oilo wakuda wa galimoto pa mabushi a Afridev, osadziwa kuti oiloyo amakola fumbi ndi kusanduka phala lopala pulasitiki. Mabushi akatha, mkono umagwedera uku ndi uku, zitsulo zimayamba kudyana, ndipo vuto la ndalama zocepa limasanduka lalikulu.

Komiti ya madzi ya m'mudzi, yochedwa V-WASHE, ingathe kuyesa mjigo wa Afridev popanda kumasula kanthu. Munthu apope mpaka madzi ayambe kutuluka bwino, kenaka apope mokwanira nthawi 40 pa mphindi imodzi, madziwo akugwera m'ndowa. Mjigo wabwino umapereka pafupi-fupi malita 16. Ngati madzi acepa kwambiri, kalabala ndiko koyamba kukayikiridwa. Koma ngati m'mawa mjigo ucedwa kutulutsa madzi, ndiye kuti madzi akuthawira pa valavu ya pansi kapena pa paipi yong'ambika, ndipo wokonza mijigo wa m'deralo aitanidwe msanga.

Alangizi a za madzi amaphunzitsa kuti malabala ndi mabushi a Afridev azisinthidwa caka ndi caka, asanafike pong'ambika. Nthawi yabwino ndi pambuyo pa kukolola, pamene cimanga, nshawa ndi thonje zagulitsidwa ndipo cilimwe cisanafike pacimake. Mutu umodzi susenza denga: banja lililonse likasonkha kangacepe, komiti imagula zipangizo ndi kuzisunga. Mudzi umene unyalanyaza kalabala aka umabwezera amai ndi ana ku zitsime zosatetezedwa, kumene kumacokera kolera ndi matenda ena otsegula m'mimba.