Kuchoka ku Cairo mpaka ku Cape Town pa njinga: tsiku lawo limayenda bwanji?

Anzanga, ndili Sitandade 8 ndinaona gulu la alendo likudutsa pa njinga mumsewu wa M1, mvula ili kumapeto. Anavala makabudula othina ndi zipewa zokhala ngati chigoba cha kamba. Ana tonse tinathamangira kumsewu kukawakuwira, ndipo ine ndimangoti achokera pa Mzuzu pompa. Chaka chino aphunzitsi athu a Geography atanena kuti anthu amenewo amakhala atachokera ku Egypt, ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Kenako ndinabwereka foni ya achimwene n'kuwerenga ndekha. Poti inenso ndimapalasa makilomita 11 kubwera kuno ndi ena 11 pobwerera, ndimafuna ndidziwe chinthu chimodzi: kodi munthu amatani kuti apalase lero, mawa, mkuja, mpaka miyezi inayi osasiya?

Ulendowu umatchedwa Tour d'Afrique. Unayamba mu 2003, ndipo anauyambitsa ndi Henry Gold wa ku Canada. Kwa zaka zambiri anthuwa akhala akunyamuka mu Januwale ku Cairo, n'kukafika ku Cape Town mu Meyi. Mtunda wake unali pafupifupi makilomita 12,000. Njira imene anaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri inkadutsa maiko khumi: Egypt, Sudan, Ethiopia, Kenya, Tanzania, Malawi, Zambia, Botswana, Namibia ndi South Africa. Kuno kwathu amalowera pa Songwe, n'kudzera ku Karonga, Chitimba, Mzuzu, Kasungu ndi Lilongwe, kenako amatulukira ku Mchinji kulowera ku Chipata. Pa tsiku amapalasa makilomita pafupifupi 120. Kuti mumvetse, zili ngati kuchoka pa Kasungu m'mawa n'kukagona ku Lilongwe, mawa lake n'kuyambiranso mtunda wina wonga womwewo.

Tsiku lawo limayamba kusanache. Amapinda mahema, kuponya zikwama m'lole imene imawanyamulira katundu, n'kumwa phala. Eya, phala, ngati ife tomwe. Amalawirira chifukwa dzuwa likakwera thupi limatha mphamvu msanga, ndiye amafuna adule mtunda wambiri kukadali kozizira. Pakati pa njira amapeza galimoto itaima ndi chakudya chamasana ndi madzi. Akadya amapitiriza mpaka pamene agone. Pakatha masiku angapo amapuma tsiku limodzi, ndipo ndi tsiku limenelo lomwe amachapa zovala ndi kukonza njinga.

Vuto loyamba la pamsewu ndi chitunda. Nyanja ya Malawi ili pafupifupi mamita 500 kuyerekeza ndi nyanja yamchere, pomwe Mzuzu ili pamtunda wa mamita opitirira 1,200. Ndiye tsiku lochoka ku Chitimba amayamba ndi kukwera phiri la Chiweta, lija lokhotakhota limene ngakhale malole amakwera molira. Njinga zawo zili ndi magiya ambiri. Giya yopepuka imapangitsa kuti mapedulo azizungulira kambiri koma tayala likuyenda pang'ono, choncho mwendo sulemedwa kwambiri. Koma musanamizidwe kuti giya imachotsa phiri. Phiri ndi lomwelo, kungoti umalidya pang'onopang'ono, mbamu imodziimodzi. Njinga yanga ilibe giya, ndiye pa chitunda cha kuseri kwa dambo ndimatsika n'kukankha. Kale ndinkachita nazo manyazi. Pano ndadziwa kuti ukakakamira kukwera ndi mphamvu zonse pa chitunda choyamba, wadya kale mphamvu za njira yotsalayo.

Vuto lachiwiri silioneka ndi maso. Ndi mphepo. Chitunda chili ndi ubwino wake, chifukwa umachiona pamene chathera, ndipo kuseri kwake kuli mtsetse. Mphepo yochokera kutsogolo ilibe pothera, imakukankha tsiku lonse ngakhale msewu uli wosalala. Ndipo ukamathamanga kwambiri, nayo imalimbanso kwambiri. N'chifukwa chake anthuwa amakonda kuyenda mondondozana. Wakutsogolo ndiye amaboola mphepo, akumbuyo amabisala kumsana kwake, ndipo akatopa amasinthana. Inu amene mumachokera mbali yakwathu, mukudziwa mmene mwera umatichitira mu Juni ndi Julaye. Ife timapalasa motalikirana, aliyense payekha, kupikisana kuti afike ndani poyamba. Tikanamayenda mondondozana bwenzi tikufika tonse tisanafooke.

Kenako pali njinga yeniyeniyo ndi thupi. Minga imaboola chubu, sipoko imaduka, tcheni imadzadza mchenga. M'misewu yafumbi ya ku Namibia njinga imagwedezeka mpaka manja kuchita dzanzi. Aliyense amayenda ndi pampu, zigamba ndi guluu, chifukwa tayala likaphwa pakati pa tchire palibe wokonza njinga pansi pa mtengo ngati pa tredingi pathupa. Thupi nalo limadandaula. Chishalo chimatupitsa pokhalira mpaka zilonda, ndipo mawa lake uyenera kukhalanso pomwepo. Ena amatsegula m'mimba chifukwa cha madzi ndi zakudya zachilendo. M'madera a udzudzu amaopa malungo. M'chipululu cha Sudan vuto linali kutentha. Thukuta likamatuluka limachotsa madzi ndi mchere m'thupi, ndipo munthu akapanda kubwezeretsa, mutu umapweteka, miyendo n'kulefuka. Lamulo lawo ndi loti usadikire ludzu kapena njala, uzimwa ndi kudya pang'onopang'ono ukuyenda.

Koma sikuti ndi mavuto okhaokha ayi. Tsiku lomwelo lokwera Chiweta, akatembenuka pamwamba amaona nyanja yonse itayala pansi pawo. Akadutsa m'nkhalango ya Chikangawa amamva kafungo ka paini ndi kamphepo kozizira. Ku Botswana msewu ndi wathyathyathya, ndipo amatha kuona njovu m'mbali mwa msewu. Komweko ndi kumene kuli tsiku lalitali kuposa onse, la makilomita opitirira 200. Tsiku limodzi limatha kukhala ndi zonse: m'mawa mvula, masana tayala kuphwa kawiri, madzulo mtsetse wautali wongotsika osapalasa, munthu n'kufika akuseka. Wina amene dzulo anali patsogolo, lero amafika womaliza. Palibe amene zimamuyendera masiku onse.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa ndi pamene panandigwira mtima. Munthu akalephereratu amaloledwa kukweza njinga m'galimoto n'kukatsikira pogona. Palibe amamuthamangitsa. Koma amene wapalasa njira yonse osakwerako galimoto ngakhale kamodzi amapatsidwa ulemu wapadera umene amautcha EFI. Ndiye tangoganizani: wadwala m'mimba usiku wonse, kunja kukugwa mvula, hema wanyowa, ndipo lole ili poteropo ikulira. Mayeso enieni ali pamenepo, m'mawa, munthu asanagwire n'komwe handulo. Phiri la Chiweta amakwera tsiku limodzi n'kuthana nalo. Kudzuka ndiye kwa tsiku lililonse.

Ife oyendera timazidziwa zimenezi. Teremu yatha, tsiku lina tcheni inaduka ndili pakati pa njira, mvula ikugwa, makope anyowa. Ndinakankha njinga mpaka kuno, n'kupeza piriyodi yoyamba yatha, chibalo chotchetcha udzu chikundidikira. Madzulo ndinauza amayi kuti basi, sukulu yakutaliyi ndatopa nayo. Sanandikalipire. Anangoti ndigone, tikambirana mawa. M'mawa ndinapeza phala lili pamoto, abambo atalumikiza kale tcheni. Ndinakwera. Koma mukudziwa nonse kuti pali anzathu amene tinayamba nawo Fomu 1 omwe tsiku ngati limenelo linawagonjetsa. Anajomba tsiku limodzi, kenako sabata, pano mayina awo saitanidwanso mu rejisitala. Sikuti anali mbuli m'kalasi. Njira ndiyo inawadya.

Ndinatenga cholembera n'kuwerengera. Makilomita 22 pa tsiku, tinene kuti masiku asukulu ndi 190 pa chaka, zikukwana makilomita 4,180. Pa zaka zitatu ndi 12,540. Ndiye kuti pomaliza Fomu 3 ndidzakhala nditapalasa mtunda woposa wa Cairo mpaka Cape Town, pa njinga yopanda giya, yomangidwa ndi malegeni pa kaliyala. Inunso tawerengerani wanu, mudabwa.

Ndisakunamizeni kuti tikufanana nawo pa zonse. Iwo amachita kufuna okha, amalipira ndalama zambiri, ali ndi owaphikira, makaniko ndi galimoto yowatola akatopa. Ife tilibe zimenezo, ndipo tikafika kunyumba pali madzi otunga ndi mbuzi zotsekera. Komabe pali nzeru zawo zimene sizifuna ndalama. Njinga iziyang'anidwa madzulo osati m'mawa: mpweya, mabuleki, ndi kadontho ka oyilo pa tcheni. Osanyamuka ndi njala, ngakhale mbatata ya dzulo ndi chakudya. Botolo la madzi lizikhala m'chikwama, makope m'jumbo. Ndipo tisamayende patokha. Ngati anthu asanu a njira imodzi titasonkha, pampu imodzi, guluu ndi zigamba zitha kutikwanira tonse, ndipo wina tayala likamuphwera sangatsale yekha kutchire, makamaka atsikana nthawi yamadzulo.

Ine pampu ndili nayo kale, ndi ya abambo koma anandilola. Amene mumadzera njira ya kudambo, Lolemba tikumane pa mlatho 6 koloko isanakwane. Woyamba kuboola mphepo ndikhala ine, koma pofika pa chigayo wina alandire.