Kukagona kwa Mickey Mouse: mtengo wa pachikwangwani si umene mulipire

Ku Florida, m'dziko la America, kuli malo odyera otchedwa Boma. Musaseke, dzina lake ndi lomwelo. Kulibe DC, kulibe amesenjala, ndipo palibe amene amakuuzani kuti mubwerenso mawa poti bwana ali ku msonkhano. Eni ake anatenga liwuli ku Chiswahili, kumene limatanthauza mpanda wotchinga mudzi kapena ziweto. Koma pa chinthu chimodzi Boma la ku Florida silisiyana ndi lathuli: ukalowamo sutuluka usanapereke msonkho.

Malo odyerawa ali m'hotela ya Animal Kingdom Lodge, imodzi mwa mahotela opitirira 20 amene kampani ya Disney inamanga pa malo ake a zisangalalo a Walt Disney World, kufupi ndi mzinda wa Orlando. Chapafupi pomwepo pali mnzake wolimbana naye pa malonda, Universal, amene pofika mu 2025 anali ndi mahotela 11. Onsewa akulimbirana munthu mmodzi yemweyo, kholo limene labwera ndi ana kudzakwera makatungwe a makina m'mapaki, ndipo aliyense akufuna kuti khololo likagone kwa iye, lidye kwa iye, ndalama isadutse mpanda.

Ndikudziwa ena mwayamba kale kung'ung'udza kuti za ku Orlando zikutikhudza chiyani ife a mu Limbe ndi pa Tsoka. Simukunama. Mu Ogasiti 2025 boma la America linayamba kuuza a Malawi ndi a Zambia ofuna viza yokacheza kuti ayambe apereka chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000, ndiye ambiri a ife Mickey Mouse tidzangomuonera pa kanema. Koma wamalonda saphunzira pa benchi yake yokha. Anthu awa ndi akatswiri pa luso limodzi limene tonse timalidziwa pang'ono, loti kasitomala aone mtengo wina polowa, alipire wina potuluka, n'kubwereranso chaka chamawa akumwetulira.

Tiyambe ndi zimene maso amaona. Hotela iliyonse kumeneko amaiveka nthano yake, kuti munthu akadzuka aziona ngati ali dziko lina. Disney anayamba izi tsiku lomwe anatsegula, pa 1 Okutobala 1971, ndi mahotela awiri. Ya Polynesian anaipanga ngati zilumba za m'nyanja ya Pacific. Ya Contemporary inali yoonetsa zam'tsogolo, ndipo mpaka lero sitima yoyenda pa njanji imodzi ya m'mwamba imadutsa m'kati mwenimweni mwa nyumbayo, anthu akudya pansi pake.

Koma imene ikutikhudza ife ndi Animal Kingdom Lodge, yomwe inatsegulidwa mu 2001. Iyi anaiveka Africa. Denga lake ndi looneka ngati la udzu, m'kati muli zosemasema ndi nsalu zochokera kuno, ndipo kuseri kwa zipinda kuli dambo lochita kukonza momwe mbidzi ndi akadyansonga amoyo amayendayenda. Munthu amamwa tiyi pakhonde akuonera nyama. Amalembanso achinyamata ochokera m'maiko a mu Africa kuti azifotokozera alendo za kwawo. Ntchitoyo anaigwira bwino, tisawanamizire. Chokhacho n'chakuti Africa wake ndi wopanda fumbi, wopanda kuzima kwa magetsi, ndiponso wophikidwa mumphika umodzi: mayina ndi a Chiswahili (Jambo, Kidani, Jiko, Sanaa), zakudya zambiri ndi za ku South Africa, zosema n'zochokera uku ndi uku. Mwana wa ku Ohio amachokako akuganiza kuti Nairobi ndi Cape Town ndi midzi yoyandikana.

Apa wamalonda atchere khutu. Chipinda choyang'ana kudambo la nyama n'chodula kuposa choyang'ana koimika galimoto, chikhalirecho bedi ndi yemweyo, bafa ndi lomwelo. Chimene wagula ndi zenera. Ndipo hotela yokongolayi ili kumapeto kwa malo a Disney, kulibe sitima ija, kulibe boti, paki iliyonse umapita pa basi.

Mahotela otsika mtengo a Disney, monga atatu a All-Star ndi Pop Century, nthano yake ndi yopyapyala. Ndi resitihausi zikuluzikulu zokhala ndi zitseko zoyang'ana panja, zimene anazipaka utoto wowala n'kuimikapo zidole zotalika ngati nyumba. Ana amakondwa nazo, akulu amangoti bola tagona.

Universal sanalimbane kwambiri ndi Disney pa nthano. Ali ndi Harry Potter m'mapaki awo, koma hotela ya Harry Potter alibe. Portofino Bay ya mu 1999 anaitengera mudzi wa asodzi wa dzina lomwelo ku Italy, ndipo Cabana Bay ya mu 2014 imakumbutsa America wa m'ma 1950 ndi 1960, ndi magalimoto akalekale ataimikidwa pakhomo. Ndi mahotela abwino, koma ambiri mwa iwo ukawachotsa pafupi ndi paki angakhale hotela wamba ya m'tauni iliyonse. Pa zokongoletsa ine ndikupatsa Disney, mosakayika.

Amene mumakapikula katundu ku Joni simukufunika viza ya America kuti muone luso limeneli. Ulendo wa maola awiri ndi kanthu kuchoka ku Johannesburg kuli Sun City, imene Sol Kerzner anatsegula mu 1979 m'dera limene panthawiyo linkatchedwa Bophuthatswana. Mu 1992 anawonjezera hotela ya Palace of the Lost City ndi nyanja yochita kupanga ya Valley of Waves. Kumeneko nthano anachita kuipeka kuchokera pachiyambi, yoti kalekale kunali mzinda wa mfumu ina umene unagwa ndi chivomezi, mpaka anamanga mlatho woti uzigwedezeka ndi makina pokumbutsa chivomezicho. Taganizani, pakati pa Africa weniweni, nkhalango ya Pilanesberg ili pakhomo pomwepo ndi njovu zake zenizeni, anthu anaonabe kuti n'kofunika kupeka Africa wina woti agulitse.

Nthano nayo ili ndi malire ake. Mu Marichi 2022 Disney anatsegula hotela ya Galactic Starcruiser, yopangidwa ngati chombo cha m'mlengalenga cha mu filimu za Star Wars. Zipinda zinali 100 zokha, zopanda mazenera enieni, m'malo mwake munali magalasi a kanema oonetsa nyenyezi. Alendo ankakhala masiku awiri akusewera nawo sewero limodzi ndi antchito. Anthu awiri ankalipira pafupifupi madola 5,000, banja la anthu anayi pafupifupi 6,000. Amene anagonamo ambiri anaitamanda, koma anali ochepa. Inatsekedwa mu Sepitembala 2023, isanakwanitse n'zaka ziwiri zomwe.

Tsopano tibwere ku ndalama, komwe kuli nkhani yeniyeni. Choyamba, ku America mtengo wolembedwa sukhala ndi msonkho. Mahotela a Universal ndi ambiri a Disney ali m'boma la Orange, kumene chipinda chimalipitsidwa msonkho wa 12.5 peresenti. A All-Star ali m'boma la Osceola, kumene ndi 13.5 peresenti, ndiye kuti otsika mtengowo ndiwo ali ndi msonkho wokwera. Tiyerekeze chipinda cha madola 300: mukamalipira chafika pa 337.50, musanamwe ngakhale madzi.

Chachiwiri ndi chimene amachitcha resort fee. Iyi ndi ndalama ya tsiku ndi tsiku imene mahotela ambiri a ku America amawonjezera pamwamba pa chipinda, akuti ndi ya intaneti, dziwe losambiramo ndi zina zotero, kaya mwazigwiritsa ntchito kaya ayi. Zili ngati mwagula matimati pamtengo womwe mwagwirizana, kenako wogulitsa n'kunena kuti mulipirenso ya mthunzi womwe munaimapo. Mahotela a Disney mwini salipiritsa ndalamayi. Koma Swan ndi Dolphin, mahotela awiri a mu 1990 amene ali m'kati mwa malo a Disney momwemo koma ali pansi pa dzina la Marriott, amalipiritsa, kuphatikizapo ya koimika galimoto. Munthu amawaona ngati otchipa poyerekeza ndi oyandikana nawo, mpaka atawerengetsa zonse. Madandaulo anachuluka m'dziko lonselo, moti kuyambira mu Meyi 2025 bungwe la boma la FTC linalamula kuti mahotela azionetsa mtengo wophatikiza kale ndalama zokakamiza zoterezi. Lamuloli silinathetse ndalamazo, linangoti zisamabisike, ndipo msonkho wa boma ukhoza kutsalabe panja.

Disney naye si woyera. Njira yake yakhala yochotsa banyira amene ankapereka kale n'kuyamba kumugulitsa. Kuyambira mu 2005 mlendo wa m'mahotela ake ankatengedwa ulere pa basi kuchokera ku bwalo la ndege. Basiyo inatha kumapeto kwa 2021. Kale kunali FastPass, njira yaulere yosungitsa malo kuti usaime pamzere wautali. Mu Okutobala 2021 m'malo mwake munabwera yolipira, imene kuyambira mu 2024 imatchedwa Lightning Lane Multi Pass. Mu 2018 anayamba kulipiritsa alendo ogona madola 13, 19 kapena 24 usiku uliwonse pa kuimika galimoto, malinga ndi kukwera kwa hotela. Apa ndiye anthu anakwiya zenizeni, ndipo mu Januwale 2023, patangopita miyezi iwiri Bob Iger atabwerera pa mpando woyendetsa kampaniyo, ndalama imeneyi inachotsedwa. Chimene mlendo wa hotela ya Disney amapatsidwa ndi mabasi, maboti ndi sitima zaulere m'kati mwa malowo, ndi mwayi wolowa m'paki mphindi 30 anthu ena asanalowe.

Universal amalipiritsa koimika galimoto m'mahotela ake, ndiye pamenepo wagonja. Koma ali ndi chida chimodzi chimene Disney alibe. Wogona ku Portofino Bay, Hard Rock Hotel kapena Royal Pacific amapatsidwa Express, chiphaso chodutsira mzere waufupi kangati konse m'mapaki awiri akale, Universal Studios Florida ndi Islands of Adventure. Chiphasochi ukachigula pachokha nthawi zambiri chimapitirira madola 100 munthu mmodzi pa tsiku. Chimagwira ntchito tsiku lofika ndi tsiku lonyamuka, kutanthauza kuti usiku umodzi umakupatsani masiku awiri. Banja la anthu anayi likawerengetsa bwino limapeza kuti hotela yodulayo ndiyo yotchipa, poti chimene lagula ndi maola amene likanathera pamzere padzuwa la Florida, bedi n'kungokhala banyira. Koma chenjerani, pamene anatsegula paki yatsopano ya Epic Universe mu Meyi 2025, mwayi umenewu sanaufikitse kumeneko, ndipo hotela yatsopano yodula ya Helios Grand sanaipatse Express yaulere. Nawonso aphunzira kuwerenga.

Kwathu kuno mbewa timaziphika n'kuzigulitsa pa kamtengo m'mbali mwa msewu wa ku Lilongwe. Kumeneko mbewa ndiyo imadya anthu, ndipo imadyera patebulo. Pa chakudya Disney ali ndi zambiri kuposa Universal, kuyambira pa Chef Mickey's ku Contemporary, komwe zidole zija zimayendera matebulo kujambulitsa ndi ana, mpaka Victoria & Albert's ku Grand Floridian, imene mu 2024 inalandira nyenyezi ya Michelin, ulemu waukulu pa zophikaphika. Boma lija ndi lodzigawira wekha mmene ungathere pa mtengo umodzi, ndipo amaphikako bobotie ndi pap, yomwe ndi nsima yomweyi itavala jekete. Koma malo otchuka amasungitsidwa masiku 60 ulendo usanafike, ndipo ukasungitsa n'kulephera kubwera osanena, amakudula madola 10 pa munthu aliyense.

Pamwamba pa mtengo wa mbale pali msonkho, kenako kangachepe ka woperekera chakudya, komwe ku America sikakhala kongofuna mtima, anthu amayembekezera 18 mpaka 20 peresenti. Mukakhala anthu asanu ndi mmodzi kapena kupitirira, Disney amangoika yekha 18 peresenti pa bilu. Banja la Chimalawi, lokhala ndi agogo ndi mwana wa achemwali, lagwa kale m'gulu limenelo lisanakhale pansi.

Palinso Disney Dining Plan, yolipiriratu chakudya cha ulendo wonse pamodzi ndi chipinda. Inaimitsidwa mu 2020 chifukwa cha Covid-19 n'kubwereranso mu Januwale 2024. Imamveka ngati yopulumutsa, ndipo kwa munthu wodya kwambiri, wosankha mbale yodula nthawi zonse, ikhoza kutero. Kwa ena onse ndi njira yoti kampani ilandiriretu ndalama, n'kutsimikiza kuti simukadya kunja kwa mpanda. Kangachepe kaja sikali m'katimo. Ndipo dziwani kuti kwa Disney mwana ndi wa zaka 3 mpaka 9. Wa zaka 10, amene kunyumba amangotola nyama n'kusiya nsima, amalipira ngati bambo ake.

Ku Universal chakudya cha m'mahotela sichotchuka chotero, koma sichivutanso chotero. Kuchokera m'mahotela atatu aja umayenda pansi kapena kukwera boti laulere kupita ku CityWalk, komwe kuli malo odyera ambirimbiri, ndipo poti Universal ali m'tauni, malo odyera wamba sali kutali. Zipinda za mabanja ku Cabana Bay ndi ku Endless Summer zili ndi kafiriji ndi kotenthetsera chakudya, monganso za ku Art of Animation kwa Disney, ndipo mabanja ambiri amaitanitsa buledi, mkaka ndi zipatso kuchokera m'masitolo a m'tauni kuti kadzutsa asamagule.

Ndiye funso loti yabwino ndi iti, ine ndingayankhe chonchi. Wa ana ang'onoang'ono amene akufuna kuti hotelayo ikhale mbali ya chisangalalo, ndipo ali ndi masiku ambiri, apite kwa Disney. Wa masiku awiri kapena atatu, wa ana akuluakulu ofuna makatungwe oopsa, agone usiku umodzi m'hotela ya Express ku Universal. Wa thumba loperewera agone kunja kwa mpanda, koma awerengere za mayendedwe ndi zoimika galimoto pa paki, poti nazo n'zolipira.

Chodabwitsa n'chakuti Disney, ndi ukatswiri wake wonse wotolera makobidi, amalola munthu kulowa m'paki ndi kamba wake, ndipo m'malo ogulitsira chakudya cha msangamsanga kapu ya madzi ozizira amapereka ulere ukapempha. Universal ndi wokhwimirapo, amalola tizakudya tochepa ndi madzi basi. Kwa Disney mpunga wa m'kontena ndi mazira owiritsa zikhoza kulowa, zoletsedwa pachipata ndi mowa ndi mabotolo agalasi.