Cifukwa cake mbeu ya haibulidi sitiibzala kawili

Mvula ikayandikila, ambili a ife timayang'ana m'nkhokwe n'kunena kuti, "Cimanga ici cinabeleka bwino, tibzalenso comweci." Koma alangizi a zaulimi amatiletsa ngati mbeuyo inali ya haibulidi. Cifukwa cake cili mkati mwa njele.

Comela ciliconse, monganso thupi lathu, cinapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tochedwa maselo. Mkati mwa selo muli kacipinda kena kochedwa nucleus, mmene musungidwa DNA. Friedrich Miescher ndiye anayamba kuipeza mu 1869 ku Tübingen, m'dziko la Germany, pofufuza mafinya a pa mabandeji a odwala.

DNA ili ngati ulusi wautali wokhala ndi malangizo olembedwa ndi zilembo zinai cabe: A, T, G ndi C. Malangizowa ndiwo auza phesi msinkhu wake, nthawi yokhwima ndi kulimba kwa njele. DNA imeneyi imakhala mu nucleus momwemo. Mnzake RNA ndiye amakopela uthenga n'kupita nao kumene selo ipangila mapuloteni.

Mu cimanga ulusi umenewu unakulungidwa m'mitolo 20 yochedwa chromosome. Njele imalandila mitolo 10 ku mungu wa ku ngayaye, ndipo 10 ina ku phesi limene yabelekelapo. Opanga mbeu amasankha makolo awili osiyana n'kuwakwatitsa, monga anacitila ndi SR52 imene inatulutsidwa mu 1960 ku Southern Rhodesia. Njele zonse za m'thumba lotele zimalandila malangizo ofanana, ndiye cifukwa cake munda umakula mwamphamvu ndiponso molingana.

Koma cimangaco cikayamba kubeleka, mitolo ija imasakanizika n'kugawikanso mwatsopano. Tikabzala zimene takolola, mapesi ena amatalika, ena amafupika, ena amacedwa kukhwima, ndipo zokolola zimatsika. Wansembe Gregor Mendel anaona kugawika kumeneku pa mbeu ya peas m'dimba la amonke ku Brno, n'kulemba za ico mu 1866.

Feteleza sangabweze malangizo amene asakanizika kale. Conco pogula tiwelenge cikalata ca pa thumba, tione ngati mbeuyo inavomelezedwa ndi a SCCI a ku Mount Makulu. Amene tifuna kusunga mbeu tisankhe ya makolo kapena ya OPV, imene ingabzalidwe nyengo ziwili kapena zitatu, malinga munda utalikile minda ina ya cimanga kuti mungu wacilendo usalowemo.