Mwana Wamwamuna Kapena Wamkazi: Chimene Chimachititsa N'chiyani?

Palibe mlimi amene amakwiyira ng'ombe yake chifukwa yabereka thole lalikazi. Ambirife timakondwera, podziwa kuti khola likula. Komabe m'mabanja ena kuno ku Livingstone ndi m'midzi yozungulira, mayi wobereka atsikana okhaokha amanyozedwa ndi apongozi, mwamuna amayamba kulingalira za mitala, ndipo nthawi zina ukwati umatha. Mayi wina amangoberekabe motsatizana, thupi likufooka, pofunafuna mnyamata. Ife amene timaweta ziweto tiyenera kukhala oyamba kudziwa zoona zake.

M'maselo a thupi la munthu muli timaulusi ta malangizo a chibadwa totchedwa makromozomu. Timakhala 46, tiwiritiwiri, theka lochokera kwa mayi ndi theka kwa bambo. Tiwiri mwa ito ndi timene timasiyanitsa mwamuna ndi mkazi: mkazi ali ndi XX, mwamuna ali ndi XY. Choncho dzira lililonse la mayi limanyamula X basi, pamene mbewu za bambo zili mitundu iwiri, zina za X, zina za Y, pafupifupi theka ndi theka. Mbewu ya X ikakumana ndi dzira pamabadwa mtsikana, ya Y ikakumana nalo pamabadwa mnyamata. Nkhaniyi imatha pa tsiku lotenga pathupi, ndipo chakudya, mankhwala azitsamba kapena kagonedwe ka mayi sizingaisinthe pambuyo pake.

Amene anaunikira zimenezi ndi Nettie Stevens wa ku America, mu 1905, pofufuza tizilombo todya ufa. Mu 1990 akatswiri a ku London anapeza pa Y kachigawo kotchedwa SRY, kamene kamayambitsa kuumbika kwa ziwalo zachimuna mimba ikakwanitsa masabata 6 kapena 7.

Ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zimatsata lamulo lomweli: nkhunzi ndi tonde ndiwo amapereka X kapena Y. N'chifukwa chake m'mayiko ena alimi a ng'ombe za mkaka amagula ubwamuna wa nkhunzi wosankhidwa ndi makina, ndipo matole pafupifupi 9 mwa 10 amabadwa aakazi. Kwa nkhuku zinthu n'zotembenuka, pakuti thadzi ndilo lili ndi makromozomu awiri osiyana, Z ndi W, pamene tambala ali ndi ZZ. Ng'ona za mu Zambezi zili ndi njira yawoyawo: kutentha kwa mchenga umene mazira akwiriridwamo ndiko kumasankha. Pa madigiri 32 mpaka 34 zambiri zimaswa zazimuna, ndipo pa madigiri 30 zimaswa zazikazi. Munthu si nkhuku ndipo si ng'ona. Kwa ife mbewu ya bambo ndiyo imabweretsa kusiyanako, ngakhale kuti bamboyo sangasankhe.

Nanga mawu akuti "kwawo amabereka akazi okhaokha" ali ndi maziko? Mu 2008 Corry Gellatly wa ku yunivesite ya Newcastle, atasanthula mibadwo ya mabanja 927, ananena kuti amuna okhala ndi abale aamuna ambiri amakonda kubereka anyamata. Koma mu 2020 Brendan Zietsch ndi anzake anafalitsa kafukufuku wamkulu koposa, wa anthu obadwa ku Sweden kuyambira 1932, wokhudza ana oposa 4.7 miliyoni. Iwo sanapeze umboni wakuti kubereka anyamata kapena atsikana kumayenda m'magazi. Pa dziko lonse, pa atsikana 100 alionse pamabadwa anyamata pafupifupi 105, ndipo mimba iliyonse imayamba mwayi wake mwatsopano.

Tiwerengere pamodzi. Ngati mwayi uli theka ndi theka, pa mabanja 32 okhala ndi ana asanu, kawirikawiri banja limodzi lidzakhala ndi atsikana okhaokha, ndipo lina anyamata okhaokha. M'mudzi waukulu mabanja otere sangalephere kupezeka, popanda matsenga, popanda temberero. Mlimi aliyense amene amalemba kaundula wa khola lake waonapo chaka chimene mbuzi zinabereka atonde ambiri, kenako chaka china zinabereka zazikazi zambiri.

Kulira mnyamata kumachokera ku mwambo ndi nkhawa ya chuma. Angoni amawerenga mtundu kuchokera kwa bambo, pamene Atonga ndi Achewa amauwerenga kuchokera kwa mayi, ndipo kwa iwo mtsikana ndiye amakulitsa mtundu. Pa za chuma cha masiye, lamulo la Zambia la 1989 limapereka theka la chuma cha munthu womwalira osalemba wilo kwa ana ake, osasiyanitsa mwamuna ndi mkazi. Kunyoza ndi kuzunza mkazi m'banja nakonso n'kulakwira lamulo loletsa nkhanza la 2011.

Inu amene munaphunzira pano, anthu kwanu amakufunsani za mbewu, za dibi ndi za katemera wa nkhuku, ndipo amakukhulupirirani. Ankhoswe akakhala pansi kuweruza banja limene mlandu wake ndi ana aakazi, afotokozereni za X ndi Y monga momwe mumafotokozera za nkhunzi m'khola. Kunyumba kwanu, tengani mwana wanu wamkazi popita kudimba, mumuphunzitse kulemba kaundula wa ziweto ndi kuwerengera phindu la zokolola, chifukwa munda ungadzakhale m'manja mwake.