Zimene zili kunsi kwa Land Cruiser yatsopano, ndi tanthauzo lake pa misewu ya m'midzi

Nyengo ya mvula ikayamba mu Novembala, funso limene limavuta mafumu, makhansala ndi makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC ndi lakuti ambulansi idzafika bwanji m'midzi yomwe misewu yake yakumbika. Ambiri amakhulupirira kuti galimoto ikangokhala yokoka ndi mawilo onse anayi, palibe msewu umene ungaikanike. Komatu mphamvu ya injini imathandiza pokhapokha ngati matayala agunda pansi. Wilo likalendewera m'malere limangozungulira pachabe. Ntchito yosunga matayala pansi ndi ya masipuling'i ndi zitsulo zina zomwe zili pakati pa mawilo ndi thupi la galimoto. Zonsezi pamodzi amakanika amazitcha suspension.

Mu Ogasiti 2023, kampani ya Toyota ya ku Japan inaonetsa galimoto ziwiri za mtundu wa Land Cruiser pa tsiku limodzi. Yoyamba ndi Land Cruiser 250, yatsopano kotheratu, yomwe m'maiko ambiri a mu Africa imadziwika ndi dzina loti Prado, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 2024. Yachiwiri ndi Land Cruiser 70 yokonzedwanso. Mtundu wa 70 ndi uja umaoneka pa zipatala za m'maboma ndi m'mabungwe ogwira ntchito kumidzi, ndipo unayamba kupangidwa mu 1984. Galimoto ziwirizi zili ndi dzina limodzi, koma kunsi kwake n'kosiyana, ndipo kusiyanako ndiko kumanena ntchito imene iliyonse ingaithe.

Ntchito ya masipuling'i ndi ma shock absorber

Galimoto ikagunda mwala kapena ikalowa m'dzenje, wilo limakankhidwa mwamphamvu. Sipuling'i imalandira mphamvuyo, n'kupindika, kuti thupi la galimoto lisalandire nkhonya yonse. Vuto la sipuling'i n'lakuti ikapindika imabwerera ndi mphamvu yomweyo, ndipo ikasiyidwa yokha galimoto ingamangodumpha ngati mpira. Apa ndi pamene shock absorber imathandiza. Ili ngati mpope wokhala ndi mafuta m'kati. Wilo likamakwera ndi kutsika, mafutawo amakakamizidwa kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono, ndipo kudutsa movutikirako kumachepetsa kudumpha. Mphamvu ya kudumphayo imasanduka kutentha. N'chifukwa chake shock absorber imatentha galimoto ikayenda mtunda wautali pamsewu wa mabampu.

Palinso chitsulo china chopingasa, chotchedwa stabiliser, chomwe chimalumikiza mbali ya kumanzere ndi ya kumanja. Ntchito yake ndi kuletsa galimoto kupendekeka kwambiri ikamakhota. Pomwe zitsulo zonsezi zikumana pamakhala mabushi a labala, omwe amaletsa chitsulo kukhulana ndi chitsulo chinzake.

Mmene Land Cruiser 70 inapangidwira

Land Cruiser 70 ili ndi ekiselo yolimba kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ekiselo yotereyi ndi chitsulo chimodzi chachikulu chopingasa, chomwe chimagwira wilo la kumanzere ndi la kumanja pamodzi, ngati mtanda wa ngolo. Wilo limodzi likakwera pachulu, chitsulocho chimapendekeka n'kukankhira linzake pansi, motero onse awiri amagwirabe nthaka. Ubwino wina n'ngwakuti mpata wa pakati pa difu ndi nthaka susintha ngakhale galimoto italemedwa, chifukwa difuyo imakwera ndi kutsika limodzi ndi mawilo.

Kutsogolo kuli masipuling'i opiringizika ngati nkhata, omwe Toyota inayamba kuika pa mtunduwu mu 1999. Kumbuyo kudakali masipuling'i a zitsulo zazitali zosanjikizana, zomangidwa pamodzi, zomwe amakanika amati leaf spring. Zitsulozi zimagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: zimasenza katundu, komanso zimagwira ekiselo kuti isasunthe pamalo pake. Chimodzi chikathyoka, makanika wa pa boma angathe kumasula mtolowo n'kuikapo china.

Pokonzanso mtunduwu mu 2023, Toyota inaikamo injini ya dizilo ya malita 2.8, ya masilinda anayi, ndi giya yosintha yokha ya masitepe 6. Nyali ndi nkhope ya galimoto zinasinthanso. Koma dongosolo la kunsi, la maekiselo awiri olimba ndi masipuling'i osanjikizana kumbuyo, linasiyidwa monga linalili. Galimotoyi imagulidwa ndi anthu a migodi, alimi, zipatala ndi mabungwe othandiza pa ngozi, omwe amafuna chinthu chosenza katundu wolemera ndiponso chokonzeka kutali ndi mzinda.

Kulimbaku kuli ndi mtengo wake. Masipuling'i opangidwira katundu wolemera amakhala ouma galimoto ikakhala yopepuka, choncho wokhala kumbuyo amamva bampu iliyonse. Ekiselo yolimba ndi yolemeranso, ndipo pamsewu wa timizere tangati ta malata imanjenjemera kwambiri. Ichi n'chofunika kuchidziwa chifukwa m'ambulansi wodwala amagona kumbuyo, pamwamba penipeni pa masipuling'i oumawo. Dalaivala akamayenda pang'onopang'ono pamalo oipa ali ndi mayi wodwala matenda a uchembere kapena munthu wothyoka fupa, sikuti akuzengereza ayi. Akuteteza wodwalayo.

Mmene Land Cruiser 250 inapangidwira

Land Cruiser 250 inamangidwa pa chesisi ya mtundu umodzi ndi ya Land Cruiser 300, yomwe inatuluka mu 2021. Kumbuyo kwake kulinso ekiselo yolimba, koma yokhala pa masipuling'i opiringizika ndipo imagwiridwa ndi mikono yachitsulo. Kusiyana kwakukulu kuli kutsogolo. Kumeneko wilo lililonse limadziyendera palokha, logwiridwa ndi mikono iwiri yooneka ngati mphanda, wina pamwamba wina pansi. Wilo la kumanja likagunda mwala, la kumanzere silikhudzidwa kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti okwera sagwedezeka kwambiri, chiwongolero chimamvera msanga, ndipo galimoto imakhazikika bwino pamsewu wa phula ndi wa fumbi wosalala.

Chinthu chatsopano pa galimotoyi ndi chipangizo chomwe Toyota imachitcha Stabilizer Disconnect Mechanism, chopezeka pa ena mwa magulu ake. Monga tanthauzo la dzinalo, chimamasula stabiliser ya kutsogolo. Chitsulo chimenechi n'chabwino pamsewu wa phula, koma pamalo a zigwembe chimaletsa wilo kutsika mokwanira kuti lifike pansi. Dalaivala akadina batani, chitsulocho chimalekana pakati, mawilo n'kumasuka kukwera ndi kutsika motalikirapo. Galimoto ikayambanso kuthamanga, chimalumikizananso chokha. Motero galimoto imodzi imatha kukhala yokhazikika pamseu waukulu komanso yofewa pokwera miyala.

Apanso pali mtengo wake. Wilo lodziyendera palokha limafuna malumikizidwe ambiri: ma ball joint, mabushi ochuluka, ndi ma CV joint omwe amatetezedwa ndi zivindikiro za labala. Chivindikiro chikang'ambika ndi chitsa kapena mwala, matope ndi mchenga zimalowa n'kudya chitsulo cha m'kati. Mpata wa kunsi kutsogolo umachepanso galimoto ikagwera m'dzenje mwamphamvu, chifukwa difu yakutsogolo imatsika limodzi ndi thupi. Zipangizo zoyendera magetsi zikavuta zimafuna makina oyezera a kompyuta, omwe sapezeka m'galaja iliyonse. Dziko la Malawi siligula zipangizo zoterezi ndi kwacha, koma ndi ndalama zakunja, ndipo galimoto ingathe kukhala pa miyala miyezi ingapo ikudikira kachitsulo kamodzi.

Yabwino ndi iti?

Funsoli liribe yankho limodzi, chifukwa galimoto ziwirizi zinapangidwira ntchito zosiyana. Yonyamula anthu ochepa ulendo wautali, mbali yaikulu pa phula, imapindula ndi dongosolo la 250. Yonyamula simenti, mapaipi a mjigo, mabokosi a katemera kapena odwala kuchokera kumidzi ya kumapiri ndi kumadambo imapindula ndi kuphweka ndi kulimba kwa dongosolo la 70. Choncho pamene nkhani yogula galimoto ndi ndalama za boma kapena za abwenzi a chitukuko yafika pa zokambirana za bajeti, nzika zili ndi ufulu wofunsa mafunso ena kuposa a mtengo wogulira okha. Galimotoyo idzanyamula chiyani? Idzayenda misewu iti? Zipangizo zake zimapezeka kuti, ndipo adzaikonza ndani? Ndalama zoikonzera zaikidwa mu bajeti? Galimoto yokongola imene yaima kuseri kwa ofesi chifukwa chosowa bushi ndi chuma cha anthu chotayika.

Zimene zimapha suspension msanga

Choyamba ndi katundu wopyola muyeso. Galimoto iliyonse ili ndi malire a kulemera kwake, olembedwa pa kachitsulo kapena kapepala ka kampani komwe kamamatidwa pa galimotoyo, ndiponso m'buku lake. Malirewo amawerengera zonse: anthu, mafuta, matayala apadera ndi katundu. Akapyola, masipuling'i amaphwa, ekiselo imayamba kumenya chesisi, ndipo m'kupita kwa nthawi zitsulo zimachita ming'alu. Katundu woikidwa padenga ndi woopsa koposa, chifukwa amakweza kulemera m'mwamba ndipo galimoto imagubuduka mosavuta pamalo opendekeka. Apa anthu a m'midzi ali ndi mbali yawo. Dalaivala wa ambulansi akakana kukweza matumba a chimanga kapena abale khumi operekeza wodwala, asamayesedwe wouma mtima. Akutsatira malire amene amateteza moyo wa onse okwera.

Chachiwiri ndi liwiro pamsewu woipa. Pa timizere ta pamsewu wa fumbi, shock absorber imakwera ndi kutsika kambirimbiri pa mphindi imodzi. Mafuta ake akatentha kwambiri amachita thovu, ndipo mphamvu yake imachepa. Zikatero matayala amayamba kudumphadumpha, mabuleki sagwira bwino, ndipo galimoto imaterereka pokhota.

Chachitatu ndi matope ndi madzi. Walira mvula walira matope, ndipo matope akauma pakati pa zitsulo zosanjikizana ndi pa mabushi amakhala ngati tupa. Galimoto imene yawoloka mitsinje ndi madambo iyenera kutsukidwa kunsi, ndipo malo onse ofunika girizi apakidwe monga buku lake likunenera.

Chachinayi ndi kunyalanyaza zizindikiro. Galimoto yopendekera mbali imodzi itaima pamalo osalala, mafuta otsika m'mbali mwa shock absorber, phokoso la kugogoda kunsi, matayala otha mwa zigambazigamba, ndi galimoto yopitiriza kudumpha itadutsa kale bampu, zonsezi zikunena kuti kunsi kwavuta. Bushi yotha ndi yotsika mtengo, koma ikasiyidwa imaononga zitsulo zodula. Ma shock absorber amasinthidwa awiriawiri, kumanzere ndi kumanja nthawi imodzi, kuti galimoto isakokere mbali imodzi. Kuyeza kwa COF, komwe kumayang'aniridwa ndi nthambi yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, n'kofunika, koma sikulowa m'malo mwa diso la dalaivala m'mawa uliwonse asanalize injini.

Mbali ya msewu

Ngakhale suspension itakhala yamakono chotani, ili ndi malire. Misewu yambiri m'dziko muno ndi ya dothi, ndipo mdani wake wamkulu ndi madzi oyenda pamwamba pake. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala kapena mchenga, madzi amalowa mumsewu n'kukumba chigwembe. Kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa msewu, kukumba dothi loumbira njerwa pafupi ndi msewu, ndi kuwongolera madzi a m'munda kuti atsikire mumsewu, zonsezi zimafulumizitsa kuonongekako. Dzenje lililonse limene lasiyidwa limadya masipuling'i a galimoto ya chipatala, ndipo ndalama yokonzera galimotoyo ikanatha kugula mafuta a maulendo ena opulumutsa miyoyo.

Mutu umodzi susenza denga. Akatswiri a ku Japan anachita mbali yawo popanga masipuling'i ndi maekiselo. Madalaivala ndi amakanika ali ndi yawo posamala galimoto. Okonza bajeti ali ndi yawo posankha galimoto yoyenera ntchito. Mbali ya anthu a m'mawodi ndi kutsegula ngalande mvula isanayambe, kulemekeza malire a katundu, ndi kudziwitsa komiti ya VDC kapena khansala wa dera lawo msanga pamene mlatho, kalavati kapena chigawo cha msewu chayamba kuonongeka. Malipoti otere akafika nthawi yabwino, amalowa m'ndondomeko ya ntchito za misewu chaka chisanathe, ndipo ambulansi imapeza podutsa pa tsiku limene mudzi ukuifuna.